Kodi za marozi pa chibwenzi zinayamba bwanji?

February ikangoti yalowa mashopu onse amafiira, anyamata kumangoyenda ndi kaduwa kamodzi kokutidwa mu pulasitiki ngati atola golide. Agogo anga akanakhalapo bwenzi akufunsa kuti kodi wamwalira ndani, paja kwathu kuno maluwa tinawazolowera pa nkhata za kumanda. Mnyamata akafunsira ankapereka chikole, kaya kandalama kaya mpango, chinthu choti mtsikana asunge, osati choti mkuja chafota. Ndiye za marozizi ndi zobwera ndithu, ndipo zachokera kutali.

Agiriki akale anali ndi nthano yoti Aphrodite, mulungu wawo wamkazi wa chikondi, atamva kuti wokondedwa wake Adonis wavulazidwa ndi nguluwe ku uzimba, analiyatsa liwiro kukamuona n'kubayidwa ndi minga kuphazi, magazi aja anadonthera pa rozi loyera basi n'kufiira. Ndi nthano chabe inde koma mwaona pomwe kufiira, minga ndi chikondi zinakumanirana. Aroma anawonjezerapo zachinsinsi, rozi likapachikidwa kudenga la chipinda ndiye kuti zokambidwa mmenemo zithere momwemo, mpaka lero alipo mawu achilatini oti sub rosa otanthauza za kunong'ona.

Koma pomwe ine pamandisangalatsa ndi pa mayi wina wa ku England, Lady Mary Wortley Montagu, mkazi wa kazembe wa Britain ku Constantinople, komwe lero timati Istanbul. Mu 1718 analemba kalata yofotokoza kamasewera ka ku Turkey kotumizirana tizinthu, kaya duwa, kaya tsabola, ulusi kapena chipatso, ndipo wolandirayo ankakumbukira kandakatulo komwe mawu ake amamveka mofanana ndi dzina la kanthuko. Azungu atamva anazitenga mwa njira yawo, anayamba kunena kuti duwa lililonse lili ndi tanthauzo lake, moti pofika 1819 ku Paris kunatuluka buku lomasulira maluwa ngati dikishonale ndipo ena ambiri anatsatira. Nthawi ya Mfumukazi Victoria, yomwe inalowa ufumu mu 1837, zinafika pena. Mtsikana wa pabanja lolemera sankaloledwa kucheza yekha ndi mnyamata, pambali pamayenera kukhala mayi wamkulu akuponya maso, nde mnyamata atani? Ankangotumiza rozi lofiira kuti limuyankhulire. Lachikasu m'mabuku ambiri linkaimira nsanje kapena kusakhulupirika, ngakhale pano amati ndi la ubwenzi wamba. Choseketsa ndi choti mabukuwo ankatsutsana okhaokha, tangoganizani iwe wawerenga buku lina mtsikana wawerenga lina, chibwenzi kutha chisanayambe.

Maonekedwe a rozi la mushopu lija, lalitali, duwa limodzi kunsonga, ndi a posachedwapa. Amawerengera kuyambira 1867 pomwe mlimi wa ku Lyon, Jean-Baptiste Guillot, anatulutsa mtundu wotchedwa La France, ndiwo umatengedwa ngati woyamba mwa marozi amakonowa.

Nde apa pali nkhani, marozi ambiri omwe azungu amapatsana pa 14 February amalimidwa ku Africa konkuno. Ku Kenya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha kuli magirinihausi ataliatali, maluwa amadulidwa asanamasule bwino, kuwaika mozizira, kuwakweza ndege ku Nairobi ulendo wa ku msika waukulu wa Aalsmeer ku Netherlands. Ngakhale aneba athu a ku Zambia ali ndi mafamu kufupi ndi Lusaka omwe akhala akutumiza marozi ku Ulaya. Kuti duwa lipirire ulendo wonsewo alimi anasankha mitundu yolimba yochedwa kufota, ndipo yambiri mwa iyo fungo inataya. Ine ndinagulapo limodzi, mwini wake analandira ndi manja awiri, kulifikitsa pamphuno, kununkhiza kawiri konse, kenako kundiyang'ana ine n'kufunsa ngati ndi lapulasitiki.