Diso si galasi loikidwa kamodzi basi

Ambiri timaganiza kuti mbali ya diso imene imalandira kuwala ili ngati galasi la pazenera: mmene tinabadwira nalo ndi momwemo, likungokalamba. Si choncho ayi.

Kumbuyo kwa diso, mu retina, muli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri, ma rod ndi ma cone. Ma rod ndi amene amatithandiza kuona kukada. Kunsonga kwa rod iliyonse kuli timatumba taphanthiphanthi pafupifupi 1,000, tosanjikizana ngati ndalama zachitsulo. Timatumbati ndi takachikopa kopyapyala kamafuta, ndipo m'kachikopamo mwadzaza rhodopsin, puloteni yogwira kuwala mothandizidwa ndi vitamini A. Ma cone amasiyanako: kachikopa ka selo kamangopindikapindika, osaduka n'kukhala timatumba patokha.

Mu 1967 wasayansi wina, Richard Young, anaika chizindikiro pa mapuloteni atsopano m'maso mwa makoswe, mbewa ndi achule. Anaona chizindikirocho chikuyambira patsinde pa mulu wa timatumba ta rod, n'kumasuntha tsiku ndi tsiku mpaka kukathera kunsonga. Timatumba tatsopano timapangidwa patsindepo, takale n'kumakankhidwira kunsonga, komwe maselo oyandikana nawo amatimeza, makamaka kukangocha. Mwa nyama zoyamwitsa, mulu wonsewo umakhala utasinthidwa m'masiku pafupifupi 10 okha!

Chimene sichibwerera ndi selo lenilenilo. Likafa, lapita. N'chifukwa chake matenda a retinitis pigmentosa amandidetsa nkhawa kwambiri: kawirikawiri amayamba ndi kupha ma rod, munthu n'kuyamba kuvutika kuona dzuwa likangolowa.