Diogenes wa pa intaneti ndi Diogenes wa mu mtsuko

Pa Facebook, Reddit ndi TikTok, palibe katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale amene amaseketsa anthu ngati Diogenes. Zithunzi zanthabwala zimamuonetsa atanyamula nkhuku yososola kupita nayo kwa Plato, amene anaphunzitsa kuti munthu ndi cholengedwa cha miyendo iwiri chopanda nthenga, kapena akuuza mfumu Alexander ku Corinth kuti isunthe chifukwa ikumutchingira dzuwa.

Diogenes anabadwira ku Sinope, mzinda umene lero uli m'dziko la Turkey, ndipo anathamangitsidwako pa mlandu wokhudza ndalama zachitsulo. Ku Athens ankagona mu mtsuko waukulu wadothi, osati mu mgolo wamatabwa monga momwe ojambula ena amaonetsera. Anamwalira cha m'ma 323 Khristu asanabadwe, ndipo palibe zolemba zake zimene zinatsala. Zambiri zokhudza iye timazimva kwa munthu wina, wolemba mbiri ya akatswiri a nzeru zakuya, Diogenes Laertius, amene analemba patadutsa zaka zoposa 500, choncho nkhanizi ziyenera kuwerengedwa ngati nthano zimene zinakometsedwa podutsa m'kamwa mwa mibadwo yambiri.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene zithunzizo zimasiya. Diogenes ankaphunzitsa kuti munthu amakhala mfulu akachepetsa zofuna zake, ndipo ankadzizoloweretsa kupirira mwadala. Nkhani zomwezo zimati nyengo yotentha ankagubuduka pamchenga wamoto, nyengo yozizira ankakumbatira ziboliboli zokutidwa ndi chipale, ndipo nthawi ina anapempha thandizo kwa chiboliboli kuti azolowere kumanidwa. Ataona mwana akumwa madzi ndi manja, anataya chikho chake. Yankho lake kwa Alexander linali lamphamvu chifukwa panalibe chimene mfumuyo ikanamupatsa kapena kumulanda, pamene wolalatira anzake pa foni watengako kuthwa kwa lilime kokha, kudzimana kuja n'kukusiya.

Cholowa chake chenicheni chinadzera mwa Crates wa ku Thebes, amene anatsatira moyo womwewo n'kuphunzitsa Zeno wa ku Citium. Cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, Zeno anayambitsa chiphunzitso cha Asitoiki, cholimbikitsa kudziletsa ndi kupirira, chimene pambuyo pake chinatsatidwa ndi Epictetus ndi mfumu ya Roma, Marcus Aurelius, omwe mawu awonso akufalitsidwa kwambiri pa intaneti masiku ano.