Business Studies: tsekani kope la notsi, gwirani cholembera

Chaka chilichonse mayeso a MSCE akayandikira funso limakhala lomwelo: "Aphunzitsi, tiwerenge mitu iti? Chibwere n'chiyani?" Chimene chibwere akuchidziwa ndi a MANEB ku Zomba, basi. Wina aliyense wokuuzani kuti akudziwa ndi wabodza kapena wakuba, ndipo onse awiriwo musawayandikire. Ana anga a Fomu 4, ambiri amene amagwa pa Business Studies sagwa chifukwa chosawerenga. Amawerenga ndithu, ena mpaka maso kufiira. Chimawapha n'chakuti masiku otsiriza amatsegula kope la Fomu 3 pa tsamba loyamba n'kuyamba kuloweza matanthauzo mmodzimmodzi, ngati kuti kwatsala chaka chathunthu.

Phunziroli limapusitsa. Ukamawerenga za banki, za inshulansi, za opikulitsa ndi ogulitsa m'maokala, zonse zimamveka zodziwika chifukwa timakhala nazo tsiku ndi tsiku. Mutu umangovomera kuti izi ndikuzidziwa. Koma kuzindikira chinthu pa tsamba n'kwina, kuchilemba wekha m'Chingerezi kope lili kutali n'kwinanso. Ndiye ngati kwatsala masabata awiri kapena osakwana, tengani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo kwa aphunzitsi anu, ikani wotchi patsogolo, muyankhe ndi cholembera. Mukamaliza m'pamene mutsegule notsi kuti muone pamene mwaphonya. Pamene mwaphonyapo ndiye powerenga mawa. Mitu imene mwakhoza isiyeni, ngakhale imakusangalatsani bwanji.

Yambani ndi masamu a phunziroli. Ndi amene amakonzeka msanga, komanso ndi amene amandipweteketsa mutu ndikamachonga. Tiyerekeze mayi wapikula katundu wa K40,000 ku Limbe, wakagulitsa yense K50,000. Phindu ndi K10,000, apa salakwa munthu. Funso likafuna mark-up, phindulo muligawe ndi mtengo wogulira: 10,000 pa 40,000, ndiye 25 peresenti. Likafuna margin, muligawe ndi mtengo wogulitsira: 10,000 pa 50,000, ndiye 20 peresenti. Phindu ndi lomwelo koma mayankho ndi awiri, ndipo chaka ndi chaka ndimaona 25 atalembedwa konsekonse.

Za discount ndiye ndatopa nazo kunena. Invoice ndi ya K200,000, trade discount (yochotsera wamalonda wopikula) 10 peresenti, cash discount (yochotsera wolipira msanga) 5 peresenti ngati wogula alipira pasanathe masiku 14. Waphuma amaphatikiza 10 ndi 5, n'kuchotsa 15 peresenti, n'kupeza K170,000. Walakwa. Trade discount imayamba kuchoka, patsala K180,000. Cash discount imawerengedwa pa zotsalazo, ndiye K9,000, wogula alipira K171,000. Kusiyana kwake ndi K1,000 chabe, koma malikisi apita. Lembaninso njira yonse, mzere ndi mzere. Njira yooneka bwino itha kukupulumutsirani malikisi angapo ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka, pamene nambala yongoponyedwa yokha ikalakwika palibe choti wochonga agwire.

Zikalata za malonda sizifuna usiku wonse. Tengani pepala loyera, mulembe kuchokera m'mutu mmene zimatsatirana kuyambira pa letter of enquiry, quotation, order, delivery note, invoice, statement of account mpaka pa risiti, ndipo pa chilichonse munene amene amatumiza ndi amene amalandira. Credit note ndi debit note muziike pambali, muzibwereze katatu. Wogulitsa akatchaja mopitirira, kapena wogula akabweza katundu wowonongeka, imatuluka credit note, ngongole ya wogula imatsika. Wogulitsa akatchaja mochepera mwangozi, imatuluka debit note, ngongole imakwera. Palibenso china.

Kenaka pali mawu oyamba a funso, omwe ambiri mumawalumpha. Funso likati state kapena mention, tchulani mfundo n'kupita. Ndime yonse pamenepo ndi kutaya mphindi. Likati explain, mfundo yokha sikwanira. Mwafunsidwa kufotokoza ubwino wa bizinesi ya munthu mmodzi, inu mwalemba quick decision making n'kuika kadontho. Chifukwa chiyani amaganiza msanga? Chifukwa alibe mnzake woti akambirane naye kaye, akaona shuga watsika mtengo amaoda tsiku lomwelo. Chiganizo chachiwiricho ndiye chimene chafunsidwa. Yang'ananinso malikisi amene alembedwa kumapeto kwa funso, amakuuzani kutalika kwa yankho.

Mukamayeserera mafunso otere, mfundo iliyonse muimangirire pa chinthu cha kuno kwathu. Makampani a boma, ganizani ESCOM ndi ADMARC. Msonkho, ganizani MRA. Masheya, ganizani Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Reserve Bank of Malawi musaisokoneze ndi mabanki ena aja: inu ndi ine sitingakatseguleko akaunti, ntchito yake ndi kutulutsa ndalama za dziko, kusunga ndalama za boma, kuyang'anira mabanki ena ndi kuwabwereketsa akasowa kolowera. Za malonda ndi maiko akunja muli ndi chitsanzo chimene munachiona ndi maso: mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiyo devaluation imeneyo. Katundu wochokera kunja monga feteleza ndi mafuta a galimoto anakwera mtengo, chifukwa dola imodzi inayamba kufuna makwacha ambiri, pamene wogulitsa fodya kapena tiyi kunja amalandira makwacha ochulukirapo pa dola yomweyo. Amene wamvetsa zimenezi saloweza zotsatira za devaluation, amangozilemba. Ndipo chonde, limited liability sikutanthauza kuti kampani ili ndi ngongole zochepa. Ikutanthauza kuti kampani ikagwa, mwini masheya amataya zimene anaikamo zokha, nyumba yake ndi mbuzi zake sizigwidwa.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa zonsezi. Ndinaphunzitsapo mtsikana wina amene mayi ake ankagulitsa kaunjika. Kope la ngongole la mayi akewo ankasunga ndi iyeyo. Ankadziwa kuti belo likatsegulidwa zovala zabwino zimatha masiku oyambirira, zotsalazo umatsitsa mtengo kuti mpamba ubwerere. Ankadziwa kasitomala wolipira pakutha pa mwezi ndi amene sadzalipira konse. Zimene anzake ankavutika nazo pa bolodi iye ankaziwerengera m'mutu. Pa mayeso oyeserera anali pakati pa otsogola. Kutatsala sabata imodzi, msuweni wake anamulowetsa m'gulu lina la pa WhatsApp momwe munthu wosadziwika ankagulitsa likasa, mapepala a mayeso amene ankati ndi obedwa. Anatapa pa mpamba wa mayi ake n'kutumiza ndalama pa foni. Analandira mafunso olembedwa mwaukhondo, pamwamba pali chizindikiro chooneka ngati chenicheni, ndipo masiku onse otsalawo anathera kuloweza mayankho a mafunso amenewo. M'kalasi yobwereza anasiya kubwera. Tsiku la mayeso pepala linali lina. Anandiuza pambuyo pake kuti atangoliona manja anayamba kunjenjemera, mphindi zambiri zinapita akungotembenuza masamba kufunafuna funso ngakhale limodzi la zimene analoweza. Mafunso amene anabwerawo ankawatha, akanangokhala pansi modekha. Anapeza 8.

Kwa osadziwa, pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mwana woyenera 2 kapena 3 kupeza 8, pa phunziro limene likanatsitsa mapointi ake. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, makamaka chifukwa sanali waulesi. Anali ndi mantha chabe, ndipo mantha amenewo ndiwo katundu amene akuba aja amachita naye malonda. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iye anataya wake pothamangira wa mumphepo.

Mwina wina akuti, nanga likasalo likakhala lenileni? Kumbukirani 2020. Mapepala a MSCE atabedwa n'kufalikira, boma linaimitsa mayeso onse mu November, ali m'kati molembedwa, ndipo ophunzira dziko lonse anakalembanso mu January 2021. Amenewo anali ana omwe anali atakhala kale miyezi kunyumba chifukwa cha Covid-19. Amene anagula mapepala anataya ndalama zawo, amene sanagule analangidwira limodzi. Ukagwidwa nalo wekha, zotsatira zako zitha kufufutidwa ndipo nkhani imatha kufika kupolisi. Likakhala labodza wataya ndalama ndi masiku, likakhala lenileni waika satifiketi yonse pachiswe, osati ya Business Studies yokha.

M'gulu lomwelo la akuba ndikuikamo ogulitsa zolembera zodzozedwa, madzi opaka pamphumi ndi mankhwala a nzeru. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera. Koma munthu wokuuzani kuti mulipire kuti cholembera chikumbukire margin m'malo mwanu akufuna ndalama za makolo anu. Inu makolo, mwana akabwera kudzapempha ndalama "ya mapepala" sabata ya mayeso, funsani kuti mapepala ake ati, akugulitsa ndani. Ngati mukufuna kumuthandiza, mugulireni mabatire a tochi, mumupumitseko kumunda ndi kumjigo masiku amenewa, muonetsetse kuti wadya asanapite.

Za kuchezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, lekani. Mutu wosagona umawerenga cash discount pamene palembedwa trade discount. Madzulo a tsiku lomaliza lembani pepala limodzi lokha: njira za masamu zija, mawu amene mumawasokoneza awiriawiri, ntchito za Reserve Bank, mfundo za inshulansi monga indemnity, insurable interest ndi utmost good faith. Muliwerenge, mulitseke, mulilembenso kuchokera m'mutu, kenaka mukagone. Pepalalo litsale kunyumba, lisapezeke m'thumba la yunifolomu ngakhale mwangozi. Chitupa chanu cha MANEB, zolembera ziwiri, rula ndi calculator imene munaizolowera muziike pamodzi usiku womwewo. Ngati calculator ndi yobwereka, ibwerekeni lero, muyesere nayo masamu a discount aja mawa, osati kukaiphunzira mabatani muli kale pa desiki.