Mwana wovala cochlear implant: muthandizeni kusunga mawu m'mutu

Mwamutuma mwana kuokala kuti akagule mchere, machesi ndi sopo. Wavomera, wathamanga, koma wabwera ndi sopo yekha, chonsecho kachipangizo komuthandiza kumva, kotchedwa cochlear implant, kali kukhutu ndipo kakugwira ntchito. Chonde musamukalipire kuti ndi wamwano. Mawu atatu onsewo anawamva, koma awiri atayika m'njira.

Kachipangizoka kali ndi mbali ziwiri. Yakunja imakhala kuseri kwa khutu, imatola mawu n'kuwatumiza kudzera pa kanthu kozungulira komata pamutu ndi maginito. Yamkati amaiika madokotala pa opaleshoni: ndi kawaya kolowa m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono mkatikati mwa khutu, ndipo kamadzutsa mtsempha wakumva ndi timphamvu ta magetsi. Mawu ofika ku ubongo mwa njira imeneyi samveka bwinobwino monga timamvera enafe. Ubongo wa mwana umatopa ndi ntchito yongozindikira liwu lililonse, choncho pofika pa liwu lachitatu, loyamba lija laiwalika.

Palinso china. Inu akakuuzani nambala ya foni, mumaibwereza chamumtima mpaka mutailemba. Mwana amene anakhala zaka asakumva, kaya anabadwa choncho, kaya chifukwa cha matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu, sanazolowere kudzilankhulira chamumtima chotero. Ayenera kuchita kuphunzitsidwa.

Mu 2011 akatswiri a ku Indiana University ku America anafalitsa zomwe anapeza atayesa ana 9 ovala kachipangizoka ndi masewera a pakompyuta otchedwa Cogmed kwa masabata 5. Anawo anayamba kukumbukira bwinoko. Patapita miyezi 6, zina zinali zitazilala, koma luso lobwereza ziganizo linatsalabe. Ana 9 ndi ochepa, ndiye tisatenge masewerawa ngati mankhwala otsimikizika. Chomwe tikutolapo n'chakuti kuphunzitsa mwana kukumbukira kumafunika kupitirizidwa.

Kompyuta si yofunika kuti muyambe. Sankhani nthawi yomwe pakhomo pali zii, wailesi itazimitsidwa, ndipo mphindi 10 kapena 15 patsiku n'zokwanira. Yalani pamkeka supuni, chikho, mango, chipeso ndi sopo. Khalani pambali pake, kumbali komwe kuli kachipangizo, kuti asamangodalira kuwerenga milomo yanu. Nenani kuti, "Ndipatse chikho ndi chipeso." Asanatole, abwereze mokweza zomwe mwanena. Kubwerezaku ndiye mtima wa masewerawa, musakudumphe. Akamakhoza ziwiri kwa masiku angapo, onjezani chachitatu. Akalephera, bwererani m'mbuyo popanda kumuonetsa nkhope yokhumudwa. Pambuyo pake mudzamuuze kuti azitole motsata ndondomeko yomwe mwatchulira, kenaka kuyambira chomaliza.

Tsiku lonse lili ndi mipata yotere. Kudoko mutchulireni usipa, utaka, chambo, ndipo adzawauze agogo ake pofika kunyumba. Nyimbo ndi nthano zokhala ndi kolasi yobwerezabwereza zimathandiza kwambiri. Muziima pakati kuti amalize yekha. Ngati kwanu mumalankhula Chiyao, sewerani m'Chiyao momwemo, chifukwa mwana amafunika chilankhulo chomwe amachimva chochuluka.

Chinenero chamanja musamuletse. Akavula kachipangizo posamba kapena pogona amakhala wosamva monga kale, ndipo amafunikabe kulankhula nanu. A bungwe la anthu osamva la MANAD angakulozereni kophunzira.

Kuno ku Mangochi adani a kachipangizoka ndi madzi, thukuta ndi mchenga. Avule mbali yakunja asanalowe m'nyanja kapena mu Shire, muipukute madzulo n'kuisunga pouma. M'mawa uliwonse onani batire, kenaka muitaneni ali chopenya kumbali. Mwana amene dzulo ankakhoza zinthu zitatu koma lero akulephera ziwiri, yambani mwaona kachipangizo musanaganize za mutu wake.

Aphunzitsi, mukhazikeni kutsogolo ndipo malangizo muzimupatsa pang'onopang'ono, limodzi likatha linzake.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona kutupa kapena kufiira pamalo a maginito, mafinya m'khutu, kapena kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi. Ngati mwana akukana kuvala kachipangizo kapena wasiya kuyankha monga kale, pemphani kalata kuchipatala chachikulu cha boma kuno ku Mangochi yopita nayo kwa akatswiri a makutu ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kuti akakayese n'kukachuna.