Dzina la webusaiti likagundana ndi chizindikiro cha malonda cha eni ake: mafunso ndi mayankho

Ndafufuza dzina limene ndikufuna ndipo palibe amene analitenga. Ndikalipira, ndiye kuti ndi langa basi?

Ayi. Makampani olembetsa mayina a mawebusaiti, monga GoDaddy kapena Namecheap, amangoona chinthu chimodzi: kodi pali wina amene analembetsa kale dzinali? Ngati palibe, woyamba kufika ndiye amatenga. Safufuza ngati dzinalo ndi chizindikiro cha malonda cha munthu wina, ndipo si ntchito yawo. Udindo umenewo amausenzetsa inu. M'mawu aatali aja amene ambirife timangodina kuti tavomera osawerenga, mumalonjeza kuti, malinga ndi mmene mukudziwira, dzinalo silikuphwanya ufulu wa wina aliyense, ndiponso kuti wina akadandaula mudzagonjera ndondomeko yoweruzira nkhaniyo. Dzinalo simuligulanso kwamuyaya, mumachita kubwereka, n'kumalipira nthawi ikakwana.

Ndondomeko yake ndi iti?

Imatchedwa UDRP. Bungwe la ICANN, limene limayang'anira mayina a pa intaneti, linaikhazikitsa mu 1999, ndipo imakhudza mayina onse othera ndi .com, .net, .org ndi ena otero. Si khoti. Mwini chizindikiro amatumiza dandaulo ku bungwe lovomerezeka, ndipo lodziwika kwambiri ndi WIPO la ku Geneva. Nkhani imaweruzidwa ndi munthu mmodzi kapena atatu powerenga zikalata zokha, nthawi zambiri popanda wina kuonekera pamaso pawo, ndipo imatha m'miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Ku WIPO wodandaula amalipira madola 1,500 a ku America ngati woweruza ndi mmodzi ndipo mayina sakupitirira asanu, kapena madola 4,000 ngati oweruza ndi atatu. Kwa kampani yaikulu imeneyi si ndalama.

Mayina othera ndi zilembo ziwiri za dziko ali ndi malamulo awoawo. Ena anatengera UDRP, ena anakonza zawo, monga bungwe la Nominet limene limayang'anira .uk.

Wodandaulayo ayenera kutsimikiza chiyani kuti andilande dzina?

Zinthu zitatu, ndipo zonse pamodzi. Choyamba, kuti dzina lanu ndi lofanana ndi chizindikiro chake, kapena likuyandikira kwambiri moti anthu akhoza kusokonezeka. Chachiwiri, kuti inu mulibe ufulu kapena chifukwa chomveka chokhalira ndi dzinalo. Chachitatu, kuti munalilembetsa ndi cholinga choipa ndipo mukuligwiritsanso ntchito ndi cholinga choipa. Akalephera chimodzi, dandaulo lagwa.

Choyambacho sichivuta kutsimikiza. Nkhondo yeniyeni imakhala pa ziwiri zotsalazo. Ngati munalembetsa dzina chizindikirocho chisanakhaleko n'komwe, kawirikawiri oweruza amati simukanakhala ndi cholinga choipa pa chinthu chimene kunalibe.

Cholinga choipa amachiona bwanji, poti sangalowe mumtima mwanga?

Amayang'ana zochita zanu. Ndondomekoyi imatchula zitsanzo: kulembetsa dzina makamaka kuti mudzaligulitse kwa mwini chizindikiro pa mtengo woposa zimene munawononga, kukhala ndi chizolowezi chotsekereza eni zizindikiro, kufuna kusokoneza malonda a wopikisana naye, ndi kukopa anthu kuti abwere pa webusaiti yanu poganiza kuti ndi ya kampani ina, inu n'kumapezerapo ndalama.

Apa ndi pamene anthu ambiri osalakwa amadzitchera okha msampha. Kalata ya maloya yabwera, munthu wapsa mtima, n'kuyankha kuti, "Ngati mukulifuna, ndipatseni ndalama zakuti." Mawu amenewo amasanduka umboni. Ku America, munthu wina amene analembetsa panavision.com anauza kampani ya makamera ya Panavision kuti imupatse madola 13,000, ndipo mu 1998 khoti la apilo linagamula mokomera kampaniyo. Ameneyo anali ndi mayina ambiri a makampani ena, choncho sitingamumvere chisoni. Koma taganizani za mnyamata wa sukulu wa ku Canada amene anatenga dzina lake lenileni, Mike Rowe, n'kupanga mikerowesoft.com, limene polinena limamveka ngati Microsoft. Kampaniyo itamuuza kuti apereke dzinalo ndipo imubwezera madola 10, iye anatchula 10,000, ndipo maloya anagwira pomwepo kuti ndi umboni wa cholinga choipa. Nkhaniyo inatha mwamtendere mu 2004 anthu ataidzudzula kwambiri kampaniyo, ndipo mnyamatayo anapereka dzinalo posinthana ndi mphatso, kuphatikizapo makina a masewera otchedwa Xbox. Si aliyense amene dziko lonse lidzamuikire kumbuyo chotero.

Kungolisunga dzina osaikapo kanthu sikukutetezani ayi. Pa mlandu wa kampani ya Telstra ya ku Australia mu 2000, woweruza anagamula kuti kukhalira dzina la chizindikiro chotchuka, pamene palibe ntchito yabwino imene mungaligwiritse, n'cholinga choipa ndithu. Chenjeraninso ndi masamba aja odzaza malonda amene kampani yolembetsa imaika yokha pa dzina losagwiritsidwa ntchito. Ngati malondawo akuloza kwa opikisana ndi mwini chizindikiro, oweruza amakuwerengerani inu, ngakhale simunawasankhe.

Nanga ndikasintha chilembo chimodzi, kapena kuwonjezera liwu lina?

Sizithandiza. Kusintha chilembo n'cholinga chokola anthu olakwitsa polemba ndi njira yodziwika kale, ndipo nthawi zambiri kumangoonetsa kuti chizindikirocho mumachidziwa. Kuwonjezera liwu lotanthauza sitolo, thandizo kapena dzina la dziko sikuchotsa kufanana, bola chizindikirocho chikuonekabe m'kati mwa dzinalo. Kuthawira ku .net kapena .shop n'chimodzimodzi, chifukwa poyerekeza oweruza salabadira mathero amenewo.

Koma ndi dzina langa lobadwa nalo, kapena ndi liwu wamba. Pamenepa?

Pamenepa muli ndi poimira. Chizindikiro cha malonda sichipatsa munthu umwini wa liwu pa chilichonse. Chimalembetsedwa pa mitundu ya katundu kapena ntchito, imene m'ndondomeko ya mayiko ambiri yotchedwa Nice ilipo 45, komanso dziko ndi dziko kapena chigawo. N'chifukwa chake kuli Delta ya ndege ndi Delta ya mipopi, Dove ya sopo ndi Dove ya chokoleti. Vuto la intaneti n'lakuti delta.com ndi imodzi yokha.

Uzi Nissan, amene anali ndi bizinesi ya makompyuta ku America, analembetsa nissan.com mu 1994. Kampani ya magalimoto inamusumira mu 1999, mlandu unatenga zaka zambiri, koma dzinalo sanalandidwe. Chimene khoti linapeza kuti analakwa n'kuika malonda okhudza magalimoto pa webusaitiyo, ndipo pamenepo ndi pamene pali malire: dzina lanu mukhoza kukhala nalo, koma osakolola m'munda wa mnzanu. Mu 2000 woimba Sting analephera kulanda sting.com chifukwa liwulo ndi wamba m'Chingerezi ndipo mwini dzinalo ankadzitcha choncho pa masewera a pa intaneti. Chaka chomwecho woimba Madonna anapambana pa madonna.com, pamene oweruza anapeza kuti mwini wake ankangodyerera kutchuka kwa woimbayo.

Ndimagulitsa kapena kukonza katundu weniweni wa kampani ina. Ndingaike dzina lake m'dzina la webusaiti yanga?

Nthawi zina, koma njira yake ndi yopapatiza. Oweruza amatsata chigamulo cha mlandu wa Oki Data cha mu 2001: mukhale mukugulitsadi katunduyo, pa webusaitipo pakhale katundu wa kampani imeneyo yekha, munene poyera ubale umene ulipo pakati pa inu ndi kampaniyo, ndipo musasese mayina onse ofanana nalo. Ena amagwa pa chachiwiri, chifukwa wamalonda amafuna kuikapo katundu wa makampani ena.

Ndikaluza, ndilipira chipukuta misozi?

Mu UDRP ayi. Chilango n'chakuti dzinalo lifafanizidwe kapena liperekedwe kwa wodandaula. Koma musachipepule: dzina likapita, maimelo onse a bizinesi amapita nalo, pamodzi ndi makasitomala amene analizolowera.

Makhoti ndi nkhani ina. Ku America lamulo la ACPA la mu 1999 limalola khoti kulamula madola 1,000 mpaka 100,000 pa dzina lililonse. Mu 2008 khoti linagamula kuti kampani ya mafoni ya Verizon ipatsidwe madola oposa 33 miliyoni pa mayina 663.

Dandaulo landifika. Ndichite chiyani?

Musakhale chete. Muli ndi masiku 20 oti muyankhe, ndipo mukapanda kutero woweruza amagamula atangomva mbali imodzi. Anthu ena amataya mayina chifukwa imelo imene anapereka polembetsa anasiya kuitsegula kalekale. Dzinalo limatsekedwa nkhani ikayamba, choncho simungalisamutsire kwa wina. Sonkhanitsani umboni wa tsiku limene munalembetsa, chifukwa chimene munasankhira dzinalo, ndi ntchito imene munali mutayamba kale kalata isanabwere. Za mtengo musatchule musanaonane ndi loya wodziwa nkhani zimenezi.

Mukaluza, kampani yolembetsa imadikira masiku 10 ogwira ntchito isanasamutse dzina, kuti ngati mukufuna mukasume kukhoti. Ndipo si kampani yaikulu iliyonse imene imapambana. Woweruza akaona kuti wodandaula amangofuna kulanda dzina mopondereza, amalemba zimenezo m'chigamulo chimene aliyense angawerenge, ngakhale kuti sapereka chindapusa.

Ndisanalembetse, ndifufuze kuti?

Yambani ndi Global Brand Database ya WIPO, imene ndi yaulere, kenako kaundula wa zizindikiro wa dziko lililonse limene mukufuna kugulitsako. Fufuzaninso dzinalo pa intaneti, chifukwa chizindikiro chosalembetsedwa koma chodziwika pamsika chikhoza kukhala maziko a dandaulo. Polembetsa mayina a mathero atsopano mukhoza kulandira chenjezo lochokera ku Trademark Clearinghouse, kaundula amene anayamba mu 2013, lonena kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro cha wina. Mukadina kupitiriza, simudzathanso kunena kuti simunkadziwa.