Kuimba kaye, masamu pambuyo

Chiyambire 2022, pomwe boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu, makalasi ambiri kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza anadzaza mpaka ana ena kukhala pansi. Ndodo nayo inaletsedwa kale ndi lamulo la maphunziro la 2011, ndipo lamulo la ana la 2022 linatsindikanso zomwezo. N'chifukwa chake aphunzitsi omwe ndimakumana nawo pa ntchito yanga ya uphungu wa ana amandifunsa kuti, nanga gulu lonseli tilikhazike chete ndi chiyani? Ndisanayankhe ndimayamba ndawafunsa chomwe chikumusowetsa mwanayo mtendere.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati mwa ana 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Koma mwana wa giredi 5 sabwera kudzanena kuti ali ndi nkhawa. Amadandaula m'mimba tsiku lililonse la mayeso, amatafuna pensulo mpaka kuitheratu, amamenya mnzake chifukwa chongomugunda chigongono, kapena amangoti duu kumbuyo osatulutsa liwu. Mwana akachita mantha mtima umagunda msanga, amapuma mwaphuma, ndipo mutu umasiya zogawa manambala n'kuyamba kuyang'ana pakhomo. Kumukalipira kuti amvetsere pa nthawi imeneyo n'kutaya malovu.

Thupi lotere limamva msanga kudzera m'kapumidwe. Munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalikitsa kuposa mmene anaukokera, mtsempha wotchedwa vagus, wochokera ku ubongo kutsikira kumtima ndi m'mimba, umachepetsa liwiro la mtima. Woimba amachita zimenezi osadziwa n'komwe: amakoka mpweya mwachangu, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka mzere wa nyimbo uthe. Mu 2013 akatswiri a ku Gothenburg ku Sweden anapima anthu akuimba pamodzi, napeza kuti mitima yawo inkafulumira ndi kubwerera m'mbuyo nthawi imodzi, chifukwa onse ankapumira pamodzi.

Masiku ano kukubwera maphunziro a mindfulness, pomwe mwana amauzidwa kukhala phee, kuika maganizo pa mpweya wake ndi pa zomwe akumva pompo, ndipo maganizo akathawa kuwabweza mosadziimba mlandu. Akuluakulu ambiri odzisankhira okha njirayi imawathandiza. Kwa ana a m'kalasi nkhani ndi ina. Ku Britain, kafukufuku wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford anatsata ana oposa 8,000 m'masukulu oposa 80, ndipo zotsatira zake za mu 2022 zinaonetsa kuti ophunzitsidwa njirayi sanapose anzawo pa thanzi la m'maganizo. Ambiri sankaichita n'komwe akafika kunyumba. Ine sindikuti tiitaye. Ndikuti mwana wobwera kuchokera kosewera mpira, thukuta lili kamukamu, simungamulamule kuti akhale chete n'kuyembekeza kuti mtima wake umvera. Muyenera kumupeza pa liwiro lomwe ali, n'kutsika naye.

Nayi njira yomwe ndimaphunzitsa aphunzitsi, ndipo sifuna gitala, sipika kapena ndalama. Ana akalowa kuchokera ku buleki, yambitsani nyimbo yomwe onse akuidziwa, ya wotsogola ndi ovomera, mwachangu ndi m'manja momwe. Musaope phokoso, ndilo mukufuna poyamba. Ulendo wachiwiri chepetsani liwiro, m'manja musiye. Wachitatu aimbe atatseka milomo, aliyense ataika chikhatho pachifuwa kuti amve kunjenjemera kwa mawu ake. Apa mudzaona mapewa akutsika, ndipo anyamata aja a kumbuyo omwe ankaseka amayamba kumvetsera chifuwa chawo chifukwa n'chachilendo kwa iwo. Nyimbo ikatha musalankhule msanga. Kenako nenani motsitsa mawu kuti, “Tamverani phokoso lomwe lili kutali kwambiri.” Wina adzamva chigayo, wina belu la njinga pamsewu, wina mbuzi. “Tsopano lomwe lili pafupi.” Wina adzamva mpweya wa mnzake, ena adzaseka, ndipo palibe cholakwika. Zonsezi sizipitirira mphindi 5. Chofunika ndi kuchita tsiku ndi tsiku pa nthawi yomweyo, kuti thupi lizolowere. Kuchita kamodzi pa temu, tsiku lomwe kwabwera alendo, n'chionetsero chabe.

Kusankha nyimbo kumafuna nzeru. Za pamaliro zisiyeni, ngakhale zili zodekha bwanji, chifukwa m'kalasi lililonse muli mwana yemwe anaimva komaliza tsiku loika mayi ake. Za kudambwe ndi za kuchinamwali zili ndi eni ake ndi malo ake. Za kutchalitchi nazo samalani, poti kalasi limodzi limakhala ndi Akatolika, a Reformed, a Mboni ndi Asilamu. Zotsala n'zambiri: za m'nthano, za masewera a pabwalo mwezi ukawala, za pamtondo. Za pamtondozo ndimazikonda pa chifukwa china. Amayi athu ankaimbiramo zowawa za m'banja zomwe sakanazinena pamaso pa apongozi. Ana a makalasi apamwamba mukawapatsa mpata wopeka ndime yawo pa nyimbo yodziwika, mvetserani bwino zomwe aikamo. Nthawi zina mtsikana yemwe sanayankhepo funso chaka chonse amaika m'ndime imodzi zonse zomwe zikuchitika kwawo, akunamizira kuti ndi za munthu wina.

Musakakamize mwana kutsinzina. Kwa mwana yemwe anachitidwapo nkhanza, kutseka maso pagulu kumaonjezera mantha, choncho muloleni ayang'ane padesiki kapena pansi. Musapereke malikisi pa kuimbaku, ndipo wa mawu osokonekera asasekedwe. Wosafuna kuimba akhale nawo chabe, koma inu mumuike kumtima, makamaka ngati kale ankaimba.

Makolo ena amandifunsa ngati zimenezi zingachiritse mwana wawo, ndipo ndimawayankha kuti ayi. Chilala cha 2024 chinatikumbutsa kuti mwana wogona ndi njala sakhazikika ndi nyimbo, amafuna phala. Womenyedwa kunyumba amafuna kutetezedwa. Chomwe mphindi zochepazi zimachita ndi kutsitsa mtima wa kalasi lonse kuti phunziro lilowe, komanso kupatsa mphunzitsi mpata woona nkhope zomwe sakanaziona ali kalikiliki kulemba pabolodi.

Mukaona mwana wasintha kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, sakugona, sakudya, wayambanso kukodza pogona, akudzicheka, kapena akutchula zofuna kufa, musadikire kuti temu ithe. Wotchula za kufa asasiyidwe yekha ndipo athandizidwe tsiku lomwelo. Kambani ndi aphunzitsi a uphungu pasukulupo, itanani kholo kapena womulera pambali, osati pamaso pa kalasi, ndipo mupite naye kukiliniki yapafupi, komwe angamutumize kuchipatala chachikulu cha Chipata ngati pakufunika. Ngati wochititsa vutolo ali m'nyumba momwemo, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, musanatumize uthenga uliwonse kunyumbako.