Mwana akufuna graphic design ku Ivy Tech: mafunso a makolo a ku Indiana

Amalawi ambiri okhala ku South Bend ndi Indianapolis amafuna ana awo aphunzire unamwino, ndiye mwana akati akufuna graphic design, pakhomo pamagwa zii. Awa ndi mafunso amene makolo amafunsa kawirikawiri.

Kodi Ivy Tech ndi sukulu yeniyeni kapena ndi yongodutsirapo?

Ndi koleji yaboma la Indiana, inayamba mu 1963 ndipo ili ndi nthambi m'mizinda yambiri. Makoleji amtunduwu amapereka digiri ya zaka 2 yotchedwa associate, ya makirediti pafupifupi 60 (kirediti ndi muyeso wa maphunziro amene mwana wakhoza). Graphic design mukaipeza pansi pa dzina loti Visual Communications. Sasankha ana a mapointi ochepa okha ngati mmene tinazolowera kumudzi. Amene anamaliza sekondale amalowa, kungoti amamuona kaye Chingerezi ndi masamu kuti adziwe kalasi yoyambira.

Si kungojambula zithunzi basi?

Ayi ndithu. Taganizani pologalamu ya maliro imene mphwanu anapanga pa foni usiku. Pa foni chithunzi cha gogo chinkawala bwino. Atasindikiza, nkhope yada bii, mawu a nyimbo m'mphepete adulidwa ndi mpeni wa makina, ndipo pa dzina loti Malaŵi patuluka kabokosi m'malo mwa ŵ. Zolakwika zitatuzi zili ndi chifukwa chake. Foni imaonetsa mitundu ya RGB pomwe makina osindikizira amagwiritsa inki ya CMYK. Mawu sayenera kufika m'mphepete mwa pepala chifukwa mpeni sudula malo amodzimodzi nthawi zonse. Ndipo si zilembo zamtundu uliwonse zimene zili ndi ŵ. Izi ndi zomwe mwana amaphunzira, limodzi ndi mapulogalamu a pakompyuta monga Photoshop, Illustrator ndi InDesign. Amakhomanso ntchito yake pakhoma, anzake ndi mphunzitsi n'kumaipeza zifukwa iye ali pomwepo. Zimawawa, koma diso limakula pamenepo.

Digiri zake n'zofanana zonse?

Apa ndi pamene ndikupemphani mutchere khutu, chifukwa apa pamatayika ndalama ndi zaka. Pali digiri ya AAS, yokonzera munthu kuti akamaliza zaka 2 akalowe ntchito. Palinso njira yokonzera amene akufuna kukamaliza digiri ya zaka 4 ku yunivesite. AAS imadzaza ndi maphunziro a ntchito yamanja, ndipo yunivesite ikhoza kukana ena mwa makirediti amenewo. Mwana amene ankaganiza kuti zatsala zaka 2 amapezeka akuuzidwa kuti zatsala 3.

Choncho asanalembetse kalasi ngakhale imodzi, akhale pansi ndi mlangizi wa pakolejipo, atchule yunivesite imene akuilakalaka, mwachitsanzo Herron School of Art and Design ya ku Indianapolis, ndipo afunse kuti ndi makalasi ati amene akalandiridwe kumeneko. Yankholo alilandire pa imelo, osati la pakamwa. Indiana ili ndi dongosolo la Indiana College Core, makirediti 30 a maphunziro wamba amene mayunivesite aboma m'derali amawalandira onse pamodzi. Koma makalasi a luso lenileni amaunikidwa paokha, ndipo masukulu a zaluso amafuna kuona ntchito zimene mwana wapanga kale.

Nanga fizi tiithana bwanji?

Ngati mwana ndi nzika kapena ali ndi green card, adzaze fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la boma la ndalama za sukulu. Ndi yaulere, musalipire munthu kuti akudzazireni. Kudzera mu fomuyi akhoza kupeza Pell Grant, ndalama yosabweza imene m'chaka cha 2025 mpaka 2026 inkafika madola 7,395 kwa osowa kwambiri. Thandizo la boma la Indiana limafuna fomuyo ifike pasanadutse pa 15 Epulo. Musaiwale kuika padera ya kompyuta yamphamvu, chifukwa laputopu yotchipa imauma mwana ali pakati pa ntchito.

Tili ndi mwana wa achemwali ku Lilongwe. Angabwere?

Njira yake ndi visa ya F-1: koleji imatumiza fomu ya I-20, mumaonetsa kuti ndalama ya chaka ilipo, mumalipira madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja. Wotere salandira Pell Grant, amayenera kutenga makirediti osachepera 12 pa semesita, ndipo ganyu amaloledwa wa pakoleji pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata. Koma mu Disembala 2025 boma la America linalengeza kuti likuimitsa ma visa a ophunzira kwa nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuyambira pa 1 Januwale 2026. Funsani ku ofesi ya kazembe musanatumize ndalama iliyonse.

Akamaliza, ntchito aipeza?

Olemba ntchito amayamba kutsegula portfolio, mulu wa ntchito zimene mwana wapanga kale, satifiketi imabwera pambuyo. Ndiye makadi a ukwati, chitenje cha kwaya ya kumpingo, chikwangwani cha salon ya azakhali, zonsezi azisunga bwino ndi kuzijambula. Ndipo inu akumpingo, mwana akakupangirani chitenje chimenecho, mulipireni.